Kholowa Anasamuka

Elina ankadziwa zinthu zambiri zimene zimasuntha zikasiyidwa zokha. Ndowa imasuntha pamzere wa pampopi ukangotembenuka. Malire a puloti amasuntha mnansi akagula simenti. Mwamuna nayenso amasuntha, ndipo wake anasuntha pang'onopang'ono mpaka anakazimiririra ku Tunduma, tsidya lina la malire a ku Nakonde. Koma kumanda ankati ndiko kokha mu Lusaka yense kumene chinthu ukachisiya apa udzachipeza pompo. Choncho m'mawa umene anatenga mmisiri kukamuonetsa pomanga chiliza cha amayi ake, mtima wake unali m'malo.

Amayi akewo, aNachisale, anachoka ku Dedza ali kamtsikana, potsata bambo awo amene anadzagwira ntchito kunjanji. Anakulira mu komboni ya George, anakwatiwira momwemo, anakalambira momwemo, koma anamwalira asanavomere kuti masamba a mbatata dzina lake ndi kalembula. Msika wonse unkati kalembula, iwo ankati kholowa. Wogula akaumirira dzina lakelo ankamugulitsa ndithu, koma nkhope atayang'ana kumbali.

Atawaika m'manda akale a mbali ya ku Chunga, banja linazika kachitsulo kolembedwa dzina ndi nambala, monga amachitira aliyense. Kachitsuloko sikanaone mvula yachiwiri. Otola zitsulo zokagulitsa pasikelo alibe mwambo, amachotsa ngakhale dzina la munthu wakufa. Elina atapeza kuti patsala kachitsa kokha, anabwerera kunyumba, anathyola chingwe cha kholowa kuseri kwa bafa, nakachibzala kumutu kwa manda. Pamenepa anaganiza bwino ndithu, tisamunamizire. Chitsulo chili ndi wogula, koma palibe wamisala amene angathyole ndiwo pamanda.

Chaka chomwecho mwamuna wake anamva kuti ku Nakonde kuli moyo, ndipo onse awiri anasamukira kumeneko. Elina anakhalako mvula zingapo, kenako anabwerera yekha ndi katundu wokwana m'chikwama chimodzi. Atapita kumanda anapeza kutasintha ngati komboni. Njira zakale zinali zitatsekedwa, atsopano atapanikizana ndi akale, mitengo itamera pamene panalibe mtengo. Anazungulira mpaka miyendo inawawa. Ali pafupi kutaya mtima anaona kholowa ali biriwiri padzuwa, atakuta manda kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Anagwada pomwepo, analira, nawapepesa amayi chifukwa chochedwa.

Kuyambira pamenepo Lolemba likakhala lopanda malonda ankapita kukasesa, kuzula udzu ndi kucheza. Amayi ali moyo sankamulola kumaliza chiganizo, tsono tsopano ankabwezera. Chimene chinkamusangalatsa kwambiri n'chakuti nthawi zina ankapeza pamandapo patazulidwa kale udzu. Anadziwa kuti ndi Dumi, mlongo wake wamng'ono, amene ankanyamula matumba ku fakitale ina ku Heavy Industrial. Dumi ameneyu ankaopa manda moti basi ikamadutsa pafupi ankayang'ana nsapato zake. Elina anakhudzidwa mtima, ndipo tsiku lina anamuuza.

"Iwe Dumi, kansi uli na mutima. Naona vamene uchita kuli bamayi."

Dumi anangoti, "Ah, ba sisi. Tizachita bwanji."

Mawu amenewa alibe bodza m'kati mwake, ndipo munthu angathe kukhala nawo zaka zambiri osagwidwa.

Tsopano chiliza chinali chitasemedwa, dzina litalembedwa ndi zilembo zagolide. Abale a ku Dedza anali atanena kuti afika Loweruka kudzachivundukula, ndipo azimayi a kutchalitchi anali ataphunzira kale nyimbo. Chinatsala n'kuthira maziko kuti aume nthawi ikadalipo. Linali tsiku la holide, Dumi analibe pothawira. Ananyamula chigubu cha madzi, mmisiri uja, Moven, anakankha wilibala ya mchenga ndi simenti, Elina ali patsogolo ngati mwini mudzi.

Atafika anapeza pali munthu. Anali bambo wachikulire wovala jekete ngakhale dzuwa linali litayamba kale ukali. Anakhala m'mphepete mwa manda, chipewa chili pabondo, akuzula udzu pakati pa kholowa mosamala kuti asathyole tsamba.

"Mwauka bwanji, ba tate?" anatero Elina.

"Bwino mukwai. Mwabwela ku malilo?"

"Iyayi. Tabwela kuli bamayi."

"Oho. Bali kuti bamayi?"

"Mwabankhalila."

Bamboyo anayang'ana pansi pamene anakhalapo, anayang'ananso Elina, koma sanadzuke.

"Awe mukwai," anatero mofatsa. "Apa ni pali bakazi banga, bana Kombe. Ine ndine Nkole, wa ku Matero."

Elina sanapse mtima. Anamumvera chisoni, poti ukalamba umasocheretsa. Anamufotokozera pang'onopang'ono, monga amachitira ndi munthu wosamva bwino, kuti kholowa ameneyu anabzala ndi manja ake, ndipo m'manda monsemo munalibenso wina wotere. Bambo Nkole ankavomera ndi mutu pa mawu alionse. Moven, amene sanali munthu wa milandu, anali atatsitsa kale thumba ndipo ankakanya simenti m'wilibala.

Elina atamaliza, bambo Nkole anaika chipewa pansi, napisa dzanja m'masamba a kumutu kwa manda. Anatulutsa ketulo yabuluu, yakale, yoboola pansi. Elina ankaidziwa ketuloyo. Anaipeza pamenepo tsiku loyamba lija, ndipo ankati ndi Dumi anabweretsa, ngakhale zinamudabwitsa chifukwa amayi sankamwa tiyi, ankati amawathamangitsa mtima. Zaka zonsezi ankaipukuta n'kuibwezera pamalo pake. Chimene sanachitepo n'kuitembenuza.

Bambo Nkole anaitembenuza. Kunsi kwake kunali zilembo za penti yofiira, zija amalemba azimayi pa ziwiya zimene zimayenda m'maliro ndi m'misonkhano ya mpingo kuti zibwerere kwa eni ake. Pentiyo inali itafwifwa koma inkawerengeka: BANA KOMBE.

Fosholo ya Moven yokha ndiyo inkamveka.

"Kansi ndimwe mupyanga apa?" anafunsa bambo Nkole, akuloza posesedwa paja. "Ine nenze kuona monga ni balamu banga ba ku Mufulira. Ninakamba ati aba bantu basintha. Ninakwela na basi kuyenda kubaonga zikomo, na nkhuku ninabapelekela."

"Banakamba chani?" anafunsa Moven osasiya kukanya.

"Banadya."

Elina anatembenukira kwa Dumi. Dumi anali akuyang'ana utsi wa kudzala la ku Chunga mwachidwi chachikulu, ngati akuuona koyamba.

"Iwe," anatero Elina. "Unabwelapo kangati kuno?"

"Ba sisi, pa siku ya malilo nenzepo."

Nkhani ya Dumi inayenera kudikira, chifukwa panali ina yaikulu. Elina analoza masamba aja.

"Manje kholowa? Anafika bwanji apa ngati si pali bamayi?"

"Uyu kalembula? Anabwela yeka, ba mayo. Anangenela ku mendo." Bambo Nkole analoza kumiyendo kwa manda ndi chipewa. "Chaka chinangu ninamuona ali paja, pali ba neba. Chaka chinangu wafika pa kona. Mvula inangu, napeza wakwela. Ninaganiza ati nimuzule, koma mulendo simungamupilikise. Elo bana Kombe benze kumukonda na ntwilo, ija nsinjilo."

Apa ndi pamene Elina anazindikira zimene zinachitika. Sikuti bambo Nkole anamuuza zachilendo ayi. Khalidwe la kholowa ankalidziwa kuyambira ali mwana. Kholowa sakhala pamthunzi. Nsonga yake imalondola dzuwa, ikagunda dothi lonyowa imazika mizu pamfundo, ikazika imapitirira, ndipo za kumbuyo zikauma ilibe nazo ntchito. Kunyumba kwake sabata iliyonse ankanyamula zingwe zimene zalowera kwa aneba n'kuzibwezera kwake, uku akuzikalipira. Nzeru zonsezi anali nazo. Kungoti akafika pageti la manda ankazisiya panja, poganiza kuti m'katimo chilichonse chinagona.

Manyazi anabwera poyamba, chifukwa anakumbukira zonse zimene anaulula pamalopo. Anali atauza mayi wachilendo wa Chibemba za mwamuna wake, za matenda ake, za amene amamuda kumsika ndi chifukwa chake. Koma manyaziwo sanakhalitse. Mantha anawakankha. Ngati amayi sali apa, ali kuti? Anayang'ana uku ndi uku. Mbali zonse kunali milu ya dothi yofanana, yopanda dzina, ina itatitimira, ina itamera nsonthe. Anali atataya amayi ake, ndipo sanadziwe n'komwe tsiku limene anawataya.

"Ba madamu," anatero Moven, "simenti siyembekeza. Nithile pati?"

Dumi anasendera pafupi ndi mlongo wake, natsitsa mawu.

"Ba sisi, mvelani. Bantu ba ku Dedza sibaziba pamene tinashika bamayi. Onani paja, palibe mwine wake. Tiike chabe mwala paja, pa Sataday tiimbe, bantu badye, bayende. Bakufa sibabelenga."

Elina anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bamayi benze kubelenga Baibo kopanda magalasi. Ufuna bakaone dzina yao pa nyumba ya bene? Tenga chigubu unkhale pansi, usananikalipise."

Dumi anakhala pa chigubu.

Elina anamanga chitenje mwamphamvu, napita kumiyendo kwa manda a bana Kombe. Anaganiza kuti chinthu chimene chinayenda chinasiya njira. Anakweza masamba, nayamba kufufuza chingwe chachikulu pakati pa tating'ono. Nsonga zanthete zonse zinkaloza kutsogolo, kumene kunali dzuwa lopanda chotchinga. Iye ankafuna kumene zinachokera. Anachipeza chingwe chokhuthala, chakhungu lolimba, chikutsika pamulu n'kulowera m'udzu. Anagwada nayamba kuchitsata chokwawa.

Bambo Nkole anavula jekete, analipinda bwinobwino, analiika pa ketulo, nagwada pambuyo pake. Sanapemphedwe. Anangoti munthu amene wasesa kwa akazi ake zaka zonsezi sangamusiye akwawe yekha.

Manda oyamba anali a simenti, ndipo kholowa sanakwerepo. Simenti imatentha masana, tsono iye anazungulira m'mphepete ngati munthu wopewa ngongole ya pagolosale. Elina anati "odi" podutsa, bambo Nkole anati "odini mukwai," ndipo anapitirira. Kuseri kwake kunali kadzenje kamene madzi a mvula amaima. Pamenepo kholowa anali atakhalapo nthawi ndithu. Mizu inali yambiri, zingwe zitapiringizana, zina zitapita kumanzere n'kukafera m'njira, zina kumanja. Elina anazigwira chimodzichimodzi, kuzikoka pang'ono kuti amve kumene zikuchokera, mpaka anapeza chakale kuposa zonse. Chinali chouma kale, chopepuka, chongotsala ulusi.

Ulusiwo unawafikitsa pa kanjira kamene anthu amadutsa, ndipo pamenepo unaduka. Mapazi anali ataupera wonse.

"Yasila, yathela apa," anatero Dumi, amene anali atawatsata chifukwa kukhala yekha pa chigubu kunkamuopsa kwambiri. "Tayesa, ba sisi. Na Mulungu waona."

Elina anawoloka kanjirako nayamba kukanda dothi ndi zala tsidya linalo. Kumene kholowa anazikapo mizu amasiya kanthu. Anakanda apa, anakanda apo, zikhadabo zikudzaza dothi. Bambo Nkole anathyola kamtengo nayamba kuthandiza.

Nthawi yomweyo panadutsa lole ya maliro, yodzaza anthu oimba. Inkayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mabampu, ndipo onse a m'mbali anaona bwinobwino anthu akuluakulu awiri atagwada, akukumba pakati pa manda a eni ake dzuwa likuswa mtengo. Nyimbo inayamba kuchepa. Otsogolera anasiya, ovomera anasiya, panatsala gogo mmodzi amene ankaimba atatsinzina. Aliyense amadziwa dzina la anthu okumba m'manda, ndipo dzinalo likatchulidwa miyala siichedwa. Dumi anagwa pansi ndi mawondo onse awiri, anakweza manja kumwamba, nayamba kupemphera mokuwa. Anapempherera odwala, apaulendo, a m'ndende ndi boma. Anthu a m'lole anayang'anizana, wina anati "Amen," ndipo nyimbo inayambiranso.

"Mupemphela bwino," anatero bambo Nkole lole itapita. "Mupita chechi iti?"

"Nikali kusakila," anatero Dumi.

Elina anatulutsa kanthu m'dothi. Kanali kambatata kofota, kakuda, kopepuka ngati chikonyo. Patsogolo pang'ono anapeza kena, ndipo pambali pake ulusi uja unayambiranso. Anautsata osadzutsa mutu, kudutsa mulu wina wopanda dzina, mpaka anamva kuti dzuwa lasiya kumuwotcha pamsana. Atakweza maso anaona kuti wafika pa chitsamba.

Unali mtengo wa mabulosi, wa mtundu uja umene sabzala munthu, mbalame ndizo zimasiya njere zikakhuta. Unali utakula mosadulidwa, nthambi zitagwera pansi mbali zonse, ndipo kunsi kwake kunamera zitsamba zaminga zolukanalukana. Anthu anali atapasandutsa dzala. Panali nkhata zakale za maluwa apulasitiki, mabotolo, mapepala a makandulo ndi milu ya udzu wouma.

Elina ankachidziwa bwino chitsamba chimenechi. Lolemba lililonse akamaliza kuzula udzu pa manda aja, ankaunyamula m'chitenje n'kudzautaya momwemu. Ankachita kusankha malowa chifukwa anali pafupi ndiponso panalibe mwini.

Anakhala pansi. Sanalire. Anangokhala, manja ali pamiyendo, akuyang'ana milu ya udzu imene ina mwa iyo ankaizindikira.

"Mwina yapitilila kuseli," anatero bambo Nkole mwaulemu.

"Siyinapitilile," anatero Elina.

Moven anabwera ndi fosholo paphewa kudzanena kuti simenti yayamba kugwira. Ataona nkhope ya Elina anameza uthengawo, nabwerera kukatenga chikwanje pafupi ndi wilibala. Amuna atatuwo anayamba kudula minga ndi kukoka zinyalala. Dumi anagwira ntchito kuposa onse. Minga inamung'amba m'manja mpaka magazi, ndipo sanadandaule, zimene zinali zachilendo kwa aliyense womudziwa. Atatsegula mpata wokwana munthu mmodzi, anaima pambali. Elina analowa chowerama.

M'katimo munali mdima ndi fungo la chinyezi. Anadikira kuti maso azolowere. Kenako anaona mulu wa dothi wotitimira pakati, wokutidwa ndi masamba ovunda, ndipo kumutu kwake kunali kholowa.

Akanapanda kumudziwa sakanamuzindikira. Zingwe zake zinali zoonda, zoyezuka, zotuwira kuchikasu. Mfundo zinali zotalikirana kwambiri, timasamba tating'ono ngati zikhadabo za mwana. Palibe chingwe ngakhale chimodzi chimene chinayanga pamulupo. Zonse zinatambasukira mbali imodzi, kumene kunkalowera kuwala pang'ono pakati pa minga, ndipo zambiri zinafera m'njira zisanafike. Zimene zinafika kale kunja ndi zija zinakakhala kwa bana Kombe. Zotsalazi zinkayesabe chaka ndi chaka. Elina anazitsata ndi dzanja mpaka pamene zinatulukira. Zonse zinkachokera pa chitsa chimodzi chakale, chopendekeka, chifukwa amayi ankati kholowa sabzala choimika. Pafupi ndi chitsacho chala chake chinagunda chinthu cholimba. Kanali kachitsa ka chitsulo kaja, kodulidwa ndi sowo.

"Ni pano," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza. "Dumi, ni pano."

Dumi anasuzumira, navula kapu.

Moven anayang'ana nthambi, anayang'ana mulu, nanena kuti mtengowo uyenera kuphatulidwa mbali imodzi kuti chiliza chilowe, ndiponso kuti simenti yoyamba ija tsopano ndi mwala wooneka ngati wilibala. Anatenga Dumi kuti akafune ina kumsewu. Bambo Nkole anatsala, akupukuta manja ndi udzu.

"Ba mayo," anatero, "nipempheko. Uja kalembula ali kuli bana Kombe, musamuzule. Bazolobela."

"Ankhale," anatero Elina. Kenako anagwetsa nkhope. "Ba tate, munikhululukile. Nenze kubauza vinthu vambili bakazi banu. Vinangu si vokamba ku bantu."

"Awe, musavutike. Bana Kombe benze kukonda nkhani maningi. Ine nikabwela nimankhala chabe zii, nilibe vokamba. Mwabathandiza." Anavala chipewa, kenako anachivulanso. "Mukapeza nthawi muzipitilako. Bangadabwe ngati mwaleka chabe so."

Anapita kukatenga jekete lake, ndipo Elina anatsala yekha m'chitsambamo.

Anayamba ndi manja. Anachotsa masamba ovunda, anatola mabotolo, anakokera kunja udzu umene anautaya yekha. Pamene amuna aja anadula minga panali polowera dzuwa, ndipo linagwera pamulu kachigawo kakang'ono. Atayeretsa pokwana kugwada, anagwada, nakonza mpango kumutu. Ndi amayi ankalankhula Chichewa cha kwawo, chifukwa chinyanja cha m'tauni iwo ankati ndi phala losapsa.

"Amayi, ndine Elina. Ndabwera."

Atangotero anazindikira chinthu chimene sanachiganizire tsiku lonselo. Amayi anamuona komaliza atadzatsanzika pamanda pano, akupita ku Nakonde ndi mwamuna, atavala diresi latsopano. Kuchokera pamenepo sanamvenso kalikonse. Nkhani zonse za zaka zimenezi zinapita kwina. Anafunika kuyambira pachiyambi.

Anayamba ndi zopepuka. Anawauza kuti ku Nakonde anabwerako, ndipo mwamuna uja anachita zimene iwo ananena kuti adzachita, asavutike kumukumbutsa. Anawauza kuti benchi lawo la kumsika akugulitsirapo ndi iye, kuti nyumba anaikhoma malata atsopano mbali ya kuchipinda, kuti Dumi anakwatira mtsikana wa ku Chazanga wodziwa kupereka moni. Anawauza za abale a ku Dedza amene akubwera Loweruka, ndi nyimbo zimene azimayi asankha. Anafotokoza ngakhale za msewu umene anauthira phula n'kuukumbanso. Ankalankhula mofulumira, ndipo nkhani ikatha ankasakasaka ina.

Koma nkhani zing'onozing'ono zimatha. Panatsala imodzi.

Gloria anali mng'ono wake wa Elina, mzime wa m'nyumbamo, mwana amene amayi ankamubisira chipapiko cha nkhuku pansi pa mbale. Pamene amayi ankamwalira, mawu awo omaliza omveka anali akuti Elina amuyang'anire Gloria. Gloria anamwalira pobereka, Elina atangobwera kumene kuchokera ku Nakonde, ndipo khandalo linatsagana naye. Nkhani imeneyi Elina anali ataipereka kale. Anainyamula sabata yomweyo ya maliro, anakagwa nayo pa manda aja a padzuwa, analira mpaka mawu anatha, napempha chikhululukiro chifukwa cholephera kusunga mwana wa amayi. Pochoka tsikulo anamva kuti amukhululukira, ndipo ndi chikhululukiro chimenecho anatha kudzuka m'mawa zaka zonsezi. Tsopano anadziwa kuti anachilandira kwa mayi amene Gloria sankamudziwa n'komwe.

Kutali kunkamveka wilibala ikulira, Dumi ndi Moven akubwerera. Elina anapukuta manja pachitenje. Anawongola kachingwe kamodzi koyezuka kamene anakapinda ndi bondo, nakagoneka bwino padothi. Kenako anasendera pafupi ndi kumutu, monga amachitira munthu wobweretsa uthenga kwa wachikulire, natsitsa mawu.

"Amayi, limbani mtima. Ndi za Gloria."